Mabatire Oyanika Padenga

Nkaya, 9 Meyi 2024

Nafisa, mdzukulu wanga,

Dzina lake ndi Yoram Namakhwa. Ndayamba ndi dzina limeneli moni asanabwere, kuti dzanja langali likakana panjira udziwe munthu amene anandilakwira. Ali moyo. Amakhala ku Balaka kuseri kwa msika, ndipo ngati maso ake akuonabe ndiye kuti akukonzabe mawailesi.

Tsopano moni. Salamu aleikum. Ine ndilipo, miyendo yokha ndi imene ikutupa. Chimanga ndakolola chochepa, dzuwa la Febuluwale linatiwotchera. Iwe uli bwanji ku Blantyre?

Ndikudziwa kuti unachoka kuno wokhumudwa. Unayenda mtunda wautali kudzafuna agogo amene sunawaonepo chibadwire. Unandigwadira, unatulutsa shuga ndi masamba a tiyi, kenako unaika foni pampando n'kunena kuti ndimve nyimbo yanga yakale itavala zatsopano. Ine ndinangodzuka n'kupita kumunda, osabwerako mpaka sitima yako itapita. Mayi Gladys, aja amagulitsa tomato m'sitima, andiuza kuti unkalira pa siteshoni. Ndi iwowo akubweretsera kalatayi, chifukwa ine foni ndilibe ndipo sindiifuna.

Sindinathawe chifukwa choti sutha kuyimba. Umatha. Limba lako likulira mofewa ngati langa lija, ndipo sindikudziwa kuti ana inu mwalitola kuti, poti ine ndinkayesa kuti malimba otero anafa pamodzi ndi makaseti. Langa ndinagula mu 1981 kwa munthu wochokera ku Joni. Linali laling'ono, lamagetsi, lokwana m'khwapa. Pagulu tinalipo anayi: ine pa limba ndi mawu, Yoram pa gitala ya besi, ndi ena awiri amene anatisiya kale. Tinkayimba ku resitihausi ku Balaka Loweruka lililonse. Magulu ena ankakonda zaphokoso, ife tinkatsata zofewa zija zimene tinkamva pa mawailesi akunja, gitala wosakalipa, mawu osakuwa. Koma zofewa si zogona.

Chimene unandimvetsa tsiku lija si nyimbo yanga. Yoram anandibera nyimbo imeneyo, ndipo pamodzi ndi nyimboyo anandibera mayi ako Sharifa, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene chaka chino akukwanitsa zaka makumi anayi asanandiitanepo kuti bambo. Ngati tepi imene mwatengapo nyimboyo anakupatsa ndi Yoram, um'bwezere. Usatulutse kanthu kwa anthu ndisanakufotokozere zonse.

Dzanja latopa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, ukapeza zolakwika uzingodumpha.

Agogo ako,
Akimu Chande

Ndirande, 21 Meyi 2024

Agogo,

Waaleikum salamu. Kalata yanu ndalandira. A Gladys anandipeza ku Limbe, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Woyimba wake ndiwe? Wowonda ngati nsungwi chonchi mawu amatulukira pati?" Kenako anandikakamiza tomato. Za kulira zija musadandaule, ine ndimalira ndi filimu yomwe. Miyendoyo mwapita nayo kuchipatala?

Ndamvetsa zimene mukunena. Pa tepi paja analembapo ndi bolopeni kuti "Yoram, Balaka", dzina lanu palibe. Nanenso zandipweteka. Ndiye takonza. Dzina la a Yoram sitiliika paliponse. Pamwamba penipeni padzalembedwa kuti "Nyimbo ya Ayisha, yopeka ndi kuyimba Akimu Chande", dzina la gulu lathu lidzabwera pansi. Dziko lonse lidziwa mwini wake.

Mwafunsa kuti limba talitola kuti. Limba lenileni tilibe, Agogo, maliridwe ake ali mu kompyuta. Tilipo atatu, tilibe kampani kapena bwana. Timajambulira kuchipinda kwa mnzanga, matiresi titaimika pazenera kuti phokoso la minibasi lisalowe. Anzathu onse akupanga zoti anthu azidumpha. Ife tikufuna nyimbo yoti munthu akaweruka atatopa, atatsamira galasi la minibasi, imusisite. Takhala tikutengera zakale za kunja, mpaka tsiku limene ndinamva tepi yanu. Ndinati, kani tinali nazo kwathu konkuno!

Chimene chatigwira mtima ndi kuchedwa kwake. Limba limagwedera ngati likufuna kugwa koma osagwa, ndipo mawu anu akumveka okuya ngati akuchokera m'chitsime. Mnzanga anatha sabata yathunthu akuyesa kupanga kugwedera kumeneko, walephera, ndiye tangotenga pa tepi pomwepo n'kuwonjezera ng'oma ndi mawu anga. Munkachita bwanji? Mundiuze chinsinsi chake.

Ituluka pa 28 Juni. Amayi sindinawauze kuti ndinabwera kwanuko. Kwathu ku Chikweo dzina lanu silitchulidwa, ndipo chifukwa chake palibe anandiuzapo.

Mdzukulu wanu,
Nafisa

Nkaya, 2 Juni 2024

Nafisa,

Moni. Ndilipo. Kuchipatala ndinapita, akuti ndi mtima, andipatsa timapiritsi toyera.

Iyayi, mwana iwe, iyayi. Sunandimve. Dzina langa usaliike pa chinthu chimenecho. Wandifunsa chinsinsi, ndiye khala pansi ndikuuze.

Ayisha anali agogo ako aakazi. Nyimboyo ndinawapekera ukwati wathu, mu Ogasiti 1983. Inali yovina. Ndinakhala miyezi itatu ndikudzitama ku Chikweo kuti tsiku la ukwati fumbi lidzafika ku Nselema. Koma mkwati sayimba pa ukwati wake, ndiye tinaijambula ku Balaka pa tepi ya gulu, momwe munali nyimbo zathu zonse. Ndinapempha Yoram kuti andikopere nyimbo imodziyo pa tepi ina, ikhale mphatso ya mkwatibwi.

Kukopa kwa nthawi imeneyo kunkafuna makina awiri, ena akuyimba, ena akujambula. Ojambula ankayendera batire ya galimoto, analibe vuto. Oyimba anali wailesi ya Yoram, ya mabatire asanu ndi limodzi. Ndinam'gulira atsopano asanu ndi limodzi, ndinamuika m'manja ndekha, n'kutsogola ku Chikweo kukakonzeka. Iye anafika tsiku la ukwati lomwelo, tepi ili m'thumba la malaya.

Ashehe atamanga ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, n'kuchoka, mpunga utadyedwa, anyamata anatulutsa wailesi pabwalo. Amayi anamanga nsalu m'chiuno. Ine ndinali nditakhala pamkeka pafupi ndi Ayisha, chifuwa chili patsogolo. Ndiye chinatuluka chimene iwe ukuchitcha chokoma chija. Limba likukwawa. Mawu anga ngati a munthu wowerenga duwa, pemphero lathu lija, pamanda, akuitana dzina la Ayisha pang'onopang'ono. Nthungululu zinafera m'kamwa. Mayi wina anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Malodza."

Ndinaimirira, ndinati mabatire a wailesi afooka. Mlongo wake wa Ayisha anathamangira kugolosale, anabwera ndi atsopano. Chimodzimodzi. Anakabwereka wailesi ina kwa aphunzitsi. Chimodzimodzi. Kuchedwako kunali kutalowa m'tepi mwenimwenimo, ndipo ine tsiku limenelo sindinkadziwa kuti kwalowamo bwanji. Pamenepo amalume ake a Ayisha anatembenukira kwa Yoram, anthu onse akumva. Anati, "Inu alendo, munali nawo poyimba. Kodi nyimboyi ndi momwemu?"

Yoram anayang'ana pansi. Anati, "Ndi momwemo, bambo."

Sabata yotsatira ndinapita kwa Yoram ku Balaka. Ndisanagogode, ndinaona padenga la malata mabatire asanu ndi limodzi atawandandalika padzuwa, ena ali ndi zipsera za mano. Iwe sungadziwe, koma kale batire ikatha tinkaiyanika ndi kuiluma kuti idzuke pang'ono. Amenewo ndi amene anakopera nyimbo yanga. Wailesi yake inkakoka tepi mofooka, makina enawo n'kumajambula kufookako mokhulupirika. Atsopano aja sindidziwa kumene anapita. Ndinati andipatse tepi ya gulu ndikawamvetse ku Chikweo. Anati makina anaidya. Ndinati ndiye tiye ukanene ndi pakamwa pako. Anati mawa. Mawa lakelo ndi lino.

Patatha miyezi khumi ndi umodzi Ayisha anamwalira akubereka mayi ako. Sadaka ya masiku makumi anayi itatha abale ake a Ayisha anandikhazika pansi. Sanakuwe. Anangoti, "Munamuyimbira maliro ali moyo, ife tonse tikumva. Bwererani kwanu." Ndinali mkamwini, mwana ndi wa kuchikazi, ndikanatani? Anandipatsa chikwama changa ndi limba. Limbalo ndinalisiya dala pansi pa mpando m'sitima. Ndinatsika pa Nkaya, ndinalowa ntchito yokonza njanji, ndipo sindinayimbenso ngakhale posamba. Ndinakwatiranso kawiri. Onse anachoka, ankati kukhala ndi ine kuli ngati kukhala ndi mwala.

Ndiye ukandiuza kuti dziko lonse lidziwa kuti Akimu Chande ndiye anayimba chonchi, ukuchita zimene anachita Yoram, koma iwe pamaso pa anthu ambiri. Mayi ako anakula akuuzidwa kuti bambo ake anaitanira mayi ake imfa. Usawatsimikizire. Imitsa zonse. Ndipo Yoram apite ku Chikweo akanene za mabatire pamaso pa Sharifa.

Akimu Chande

Ndirande, 19 Julayi 2024

Agogo,

Salamu aleikum. Sindikudziwa poyambira. Kalata yanu ya pa 2 Juni yandipeza Lolemba lapitali. Amuna awo a Gladys anagonekedwa m'chipatala, iwo anakhala masabata asanu ndi limodzi osakwera sitima, kalatayo ili m'chikwama chawo. Ine poona kuti simukuyankha ndinkati mwasangalala.

Nyimbo inatuluka pa 28 Juni, dzina lanu lili pamwamba. Ndingathe kuichotsa pamene tinaiika, koma anthu aisunga kale m'mafoni awo. Dzana ndinaimva m'shopu yometera tsitsi. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulakalaka tsiku lotero, koma ndinangodutsa nditawerama. Mtsikana wina anatilembera kuti amaimvera akamayamwitsa. Sindikunena izi kuti ndidziteteze. Ndalakwa, Agogo. Munati ndidikire, ine ndinathamanga.

Lachitatu ndinakwera basi kupita ku Balaka. A Yoram ndinawapeza. Maso awo anachita khungu, amangokhala pakhonde, mawailesi akufa ataunjikana kumbuyo kwawo. Ndinawawerengera kalata yanu yonse, osadumpha. Nditamaliza anati nditenge pepala. Zimene ananena ndazilemba momwe ananenera, zili mu envelopu yomweyi.

Chinanso. Tepi sanandipatse ndi a Yoram. Ndinaitenga m'sutikesi ya amayi, pansi pa nsalu zawo, atakulunga mu mpango. Ndinapita nayo ku tauni, ndinaikopera mu kompyuta, n'kuibwezera pomwepo iwo osadziwa.

Kompyuta imatha kuthamangitsa nyimbo. Vuto ndi loti sitikudziwa kuti tithamangitse kufika pati. Ndapanga zitatu zosiyana liwiro, ndaziika m'foni ya a Gladys. Mumvere, mundiuze yoona.

Nafisa

Balaka, 17 Julayi 2024

Akimu,

Ndine Yoram. Akundilembera ndi mdzukulu wakoyu, ine maso anapita. Akuti miyendo ikutupa. Pepa. Tonse takalamba, achimwene.

Zimene walemba n'zoona, sindikana ngakhale chimodzi. Mabatire ako atsopano ndinapatsa amayi anga. Uwakumbukire, aja ankakuphikira kalongonda. Nthawi imeneyo nkhondo inali itakula ku Mozambiki, mlongo wawo ali komweko, ndipo iwo madzulo alionse ankakhala khutu pa wailesi kudikira kumva dzina la mudzi wawo. Anandipempha mabatire, ine ndili nawo m'thumba. Ndinaganiza kuti oyanika akwanitsa, nyimbo yake ya mphindi zinayi zokha. Sindinaimvere nditakopa, ndinkathamangira lole ya ku Ntaja. Tepi ya gulu inadyedwadi tsiku lomwelo, ndi wailesi yofooka yomweyo. Ndinayesa kuikulunga ndi bolopeni, inaduka patatu. Pamenepo sindinaname.

Pa ukwati paja ndinanama. Amalume aja maso ali psu, ine mkhristu ndekha pabwalo lonse, mpunga wawo uli m'mimba mwanga. Ndinaona kuti ndikanena zoona anditenga ngati ndine ndabweretsa malodza. Ndinati iwe ndi mkamwini wawo, akukhululukira. Sindinkadziwa kuti Ayisha amwalira. Nditamva, ndinavala nsapato kuti ndipite ku Chikweo, ndinafika pa depoti, n'kubwerera. Ndavala nsapato zimenezo kambirimbiri.

Ku Chikweo ndipita ngati alipo wondigwira dzanja. Andimenye kumene, thupi lake latsala lochepa.

Koma Akimu, ndinene chimodzi, ukwiye ukwiye. Mwanayu wandimvetsa zimene apanga. N'zokoma. Nyimbo zathu zonse zija tinkayimba bwinobwino, ndani akuzikumbuka? Yapulumuka ndi yolumala yomweyi. Ndiponso iwe unkathamangitsa nyimbo iliyonse, ine pa besi ndinkangokhalira kukukoka malaya. Wandifunsa liwiro lake mwanayu, ndamuuza kuti sindikumbuka. M'mutu mwanga imalira mochedwa momwemo.

Mnzako, ngati ukulola,
Yoram

Nkaya, 4 Ogasiti 2024

Nafisa,

Moni. Makalata onse awiri ndalandira. Sindikukalipira. Amene anasunga mawu zaka makumi anayi sangadzudzule amene anasunga kalata masabata asanu ndi limodzi.

Ya Yoram ndaiwerenga kasanu. Ndinkayesa kuti tsiku limene adzavomere ndidzadya ngati mnyamata. Ndangomwa tiyi. Akuti n'zokoma. Munthu wakuthyola mwendo, kenako akuyamikira kuti ukutsimphina mokongola.

Mayi Gladys anabwera ndi foni yawo, tinakhala pansi pa mtengo wa pa siteshoni. Yoyamba ikukwawabe. Yachitatu mawu anga akumveka ngati mbewa, mpaka iwo anaseka n'kugwetsa dengu. Anati, "Madala, ngati munkafunsira ndi mawu amenewa, mayiwo anali achifundo." Yachiwiri ili pafupi. Mawuwo ndi anga, ndinawazindikira, ndinachita manyazi ngati ndakumana ndi munthu amene ndinam'thawa. Koma si imeneyo. Pena ikuchedwa, pena ikupitirira, chifukwa mabatire aja sankafooka mofanana. Kompyuta yako singadziwe zimenezo. Liwiro lake lili m'bondo langa lamanja. Ndikakhala phee limagunda lokha, koma masiku ena ndimalidikira osabwera, ndipo zimenezo zikundiopsa kuposa mtima.

Tsopano chita ichi. Tenga kalata ya Yoram ndi yanga ija yaitali, upite nazo wekha ku Chikweo, uwawerengere mayi ako. Adziwe kuti bambo awo sanalodze munthu. Akamva, andilembere. Ndadikira nthawi yaitali, koma tsopano umboni ulipo.

Agogo ako,
Akimu

Chikweo, 30 Ogasiti 2024

Che Akimu,

Salamu aleikum. Ndine Sharifa. Kuno tili bwino, tikuzula chinangwa. Ndamva kuti mukudwala mtima. Allah akupatseni mphamvu.

Nafisa anabwera, wandiwerengera zonse. Za kuba tepi m'sutikesi mwanga takambirana patokha.

Nkhani ya mabatire ndaimva. A Yoram asavutike kubwera, munthu wosaona adzagwa panjira pachabe. Amene ankanena za malodza onse ali kumanda. Ine ndinasiya kukhulupirira zimenezo ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, tsiku limene ndinabereka Nafisa. Ndinataya magazi ngati mmene anatayira amayi, anandinyamula pa njinga mpaka kuchipatala, ndinapulumuka chifukwa anamwino analipo. Palibe anandiyimbira nyimbo. Ndinadziwa pomwepo chimene chinapha amayi.

Tepi anandipatsa ndi anganga ndili mwana, amalume anga asakudziwa. Anati, "Mawu a bambo ako ndi awa." Chithunzi chanu ndinalibe, cha amayi ndinalibe. Ndinkaimvera ndekha kuseri kwa nkhokwe. Ndinkaganiza kuti bambo anga ndi munthu wolankhula pang'onopang'ono, wodekha, ndipo tsiku lina adzatulukira panjira ya ku Nselema akuyenda momwemo. Nditakwatiwa ndinayang'ana panjira imeneyo. Nditabereka ndinayang'ananso. Amalume aja anamwalira mu 1999. Kuchokera pamenepo panalibe wokuletsani.

Inu mukuti a Yoram anakuberani mwana. Ine ndinali pompano. Nkaya si ku Joni. Munkadikira kuti munthu wina abwere kudzakuyeretsani kaye, koma ine sindinkafuna bambo woyera, ndinkafuna woti abwere.

Nyimboyo musaithamangitse. Ndi yokhayo imene ndili nayo, ndipo ndinaizolowera momwemo.

Sharifa

Nkaya, 22 Seputembala 2024

Mayi Sharifa,

Waaleikum salamu. Kalata yanu yakhala masabata awiri pansi pa pilo. Ndimaitulutsa, ndimaibwezera. Ndinayamba kuyankha katatu, katatu konse ndinapeza kuti ndikulemba za Yoram, ndinang'amba.

Mwanena zoona. Za imfa ya amalume anu ndinamva chaka chomwecho, anandiuza munthu wogulitsa nsomba za ku Chiuta. Ndinati ndipita Yoram akavomera. Kunali kosavuta kukhala pano n'kumadana naye kusiyana ndi kukaima pakhomo panu opanda chonena. Sindikupempha kuti mundiitane bambo. Dzina limenelo amaligwirira ntchito, ine sindinaigwire.

Yoram akhale kwawo. Sindinam'khululukire, ndangotopa kumunyamula. Nafisa asiye nyimbo yake momwe ilili, ndi dzina langa lomwe, anthu otopa azimvera. Tepi yanu sungani, sindiikhudza.

Koma pali chinthu chimodzi chimene simukuchidziwa, ndipo wotsala nacho ndine ndekha. Amayi anu sanali munthu wodekha. Ankalankhula ngati akuthamangitsidwa, ankaseka asanamalize nthabwala yawo yomwe. Tsiku la ukwati lija, anthu onse atazizidwa, iwo anandinong'oneza kuti, "Kodi unayimba uli ndi njala?" Ndipo kuyenda kwawo, mayi, kuyenda kwawo. Ndinayamba kuwaona pa msika wa Ntaja atasenza mtanga wa mpunga, akudutsa amuna apanjinga pa chikweza. Ndinawatsatira kumbuyo mtunda wonse osawapeza, ndikuwerenga mapazi awo. Nditafika ku Balaka ndinakhala pa limba, ndinaika ng'oma za m'limbamo pa liwiro la mapazi amenewo. Nyimboyo ndi imeneyo. Ikayenda bwino, ndi amayi anu akuyenda.

Inu simunawaonepo akuyenda. Zaka zonsezi mwakhala mukuwamva akukwawa.

A dokotala sandiuza zambiri, koma nsapato zasiya kundilowa, ndipo bondo lija likumagunda mwa apo ndi apo. Mvula ikayamba msewu wa kwanuko sindingauthe. Ndiye chimene ndikufuna ndisanafe ndi ichi, ndipo n'chimodzi chokha. Mundilole ndifike pakhomo panu. M'nyumba sindilowa, chakudya musaphike. Nafisa abwere ndi kompyuta yakeyo. Ine ndikhale pakhonde ndizimenya bondo, iye azitsata dzanja langa, inu muime pamene mungafune, ngakhale kuseri kwa nkhokwe. Kamodzi kokha, mphindi zinayi, kapena zitatu poti idzakhala ikuthamanga. Mukamva, mudzabwerere ku tepi yanu ngati mukufuna, ine n'kukwera njinga yobwerera.

Ndikanatha kungobwera osapempha, koma pamudzi pamenepo anandichotsa ndi mawu, ndipo mwini mudzi tsopano ndinu. Mayi Gladys akwera sitima yolowera chakwanuko Lachisanu. Muwapatse yankho, ngakhale la pakamwa. Chikwama ndamanga kale.

Akimu Chande